Damu la m'chipululu liyenera kukhala ndi khomo

Anzathu, tiyambe ndi funso. Kodi munthu angamire m'madzi ali m'chipululu?

Ambiri tiseka. Tinena kuti m'chipululu muli mchenga, miyala ndi dzuwa basi. Munthu amafa ndi ludzu kumeneko, osati ndi madzi. Koma ayi ndithu, anthu amamira m'chipululu. Mbuzi, ngamila, magalimoto ndi nyumba zimapita ndi madzi. Lero tiwerenga za anthu a maiko ouma, ndi m'mene amamangira madamu kuti madzi asawaphe. Tipita kutali: ku America, ku Libya ndi ku Tunisia. Pobwerera tidzayang'ana khwawa la kumunda kwathu.

Mvula yochepa, madzi ambiri

M'chipululu mvula ndi yochepa. Koma ikati ibwere, imabwera ndi ukali. Mvula ya miyezi ingapo imatha kugwa madzulo amodzi. Pansi palibe udzu wogwira madzi. Mitengo ndi yotalikirana. Malo ambiri ndi thanthwe, kapena dothi louma gwa ngati pabwalo popunthira mapira. Madzi salowa pansi. Amathamanga pamwamba, n'kukasonkhana m'makwawa.

Khwawa lotere Aluya amalitcha wadi. Miyezi yambiri limakhala louma. Ana amaseweramo, anthu amadutsamo ngati msewu. Choopsa chake n'chakuti mvula imatha kugwa kumapiri kutali, pamudzi dzuwa likuwala. Anthu amangomva mkokomo. Akati acheuke, madzi afika kale, odzaza matope, miyala ndi zitsa.

Tiphunzire pang'ono kuwerenga mvula. Mvula imayezedwa ndi mamilimita. Tijambule pansi kabwalo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa kabwalo kameneko. Tsono mvula ya mamilimita 10 ikagwa pa hekitala imodzi, ndiye kuti pagwa malita 100,000. Mgolo waukulu uja umalowa malita 200. Ndiye kuti migolo 500 yatayidwa pa hekitala imodzi yokha. Nanga mahekitala zikwizikwi a mapiri akatsanulira madzi ao m'khwawa limodzi? Werengani nokha.

Dziwe louma la ku Las Vegas

Las Vegas ndi mzinda waukulu wa ku America. Uli m'chipululu cha Mojave, m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri. Mvula ya chaka chonse kumeneko ndi mamilimita 100 kapena kuposerapo pang'ono. Mzinda wa Tete, umene timati ndi wouma uja, umalandira pafupifupi 600. Komabe Las Vegas wavutika ndi madzi osefukira nthawi zambiri. Mu Julaye 1975 madzi anakokolola magalimoto mazanamazana pakati pa mzinda. Mu 1985 boma la chigawo cha Nevada linakhazikitsa bungwe loyang'anira za madzi osefukira m'dera lonselo. Chaka chotsatira anthu anavota, navomera kulipira kamsonkho: pa madola 100 alionse amene munthu wagulira katundu, masenti 25 amapita ku ntchito imeneyi. Ndi ndalama zimenezo amanga maiwe ouma oposa 100, ndi ngalande zotalika makilomita oposa 1,000 tikaziphatikiza.

Dziwe louma? Inde, mwawerenga bwino.

Ife damu timalidziwa ndi Cahora Bassa. Damu limenelo linamangidwa kuti lisunge madzi a Zambezi chaka chonse, kuti madziwo apange magetsi. Likauma ndiye kuti zinthu zaipa. Dziwe la ku Las Vegas ntchito yake ndi ina. Ilo likakhala louma ndiye kuti zili bwino, pakuti malo olandirira madzi alipo. Ndi bwalo lalikulu lokumbidwa pamene khwawa likutuluka m'phiri, kumunsi kwake atamangako khoma. Pansi pa khomalo pali mpope wosatsekedwa usana ndi usiku.

Tiyese ndi chidebe. Titenge chidebe chobooka pansi, kabowo kakang'ono. Titsanuliremo mtsuko wonse wa madzi nthawi imodzi. Madzi alowa mwamphamvu, koma akutuluka pang'onopang'ono. Amene waima pansi pa chidebecho anyowa mapazi okha. Tikanamutsanulira mtsuko wonse pamutu, bwenzi atanyowa thupi lonse. Madzi ndi omwewo, sanachepe. Chasintha ndi nthawi. Madzi amene akanadutsa mumzinda pa ola limodzi, amadutsa tsiku lonse kapena masiku angapo. Ngalande zimawakwanitsa, n'kuwapititsa ku nyanja ya Mead pa mtsinje wa Colorado.

Nanga chidebe chikadzaza, kabowo kaja katalephera? Apa ndiye pagona nkhani. Dziwe lililonse lili ndi khomo lachiwiri pamwamba. Ndi mpata waukulu wa simenti, wotsika kuposa khoma lonse. Madzi akachuluka kopitirira, amadzera pa mpatapo. Sakwera pamwamba pa khoma la dothi. Omanga amadziwa kuti tsiku lina idzagwa mvula yoposa imene anawerengera. Tsono amaikonzeratu njira.

Ntchito siithera pa kumanga. Madzi a m'chipululu amabwera ndi mchenga wambiri. Mchengawo umatsala m'dziwe. Ukasiyidwa, dziwe limachepa chaka ndi chaka, ndipo zinyalala zimatseka mpope. N'chifukwa chake gawo la msonkho uja limalipira anthu ochotsa mchenga ndi kuyendera makoma. Maiwe ena anawasandutsa mabwalo a mpira. Ana amasewera m'menemo chaka chonse. Mvula ikagwa amatulukamo, madzi n'kulowa.

Tisaganize kuti kumeneko zonse zili bwino. Mumzinda wolemerawu muli anthu osowa nyumba amene amagona m'ngalande za pansi pa misewu. Madzi akabwera usiku, ena amafera momwemo. Ngalande inapulumutsa nyumba, koma wopanda nyumba sinam'pulumutse.

Usiku wa ku Derna

Tsopano tibwerere ku Afirika kuno, kumpoto, ku dziko la Libya. Derna ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Munali anthu pafupifupi 100,000. Pakati pa mzinda pamadutsa khwawa lalikulu, Wadi Derna, lochokera kumapiri ouma a kumwera. Khwawali linasefukirapo kangapo, monga mu 1959. Tsono pakati pa 1973 ndi 1977 boma linamangitsa madamu awiri. Anawamanga ndi dongo pakati, miyala m'mbali. Lakumtunda linali lalitali pafupifupi mamita 75, pa mtunda wa makilomita 13 kuchokera mumzinda. Lakumunsi linali pakhomo penipeni pa mzinda. Lakumtunda linkatha kusunga madzi ochuluka ka 15 kuposa lakumunsi. Nambala imeneyi tiisunge.

Madamu anagwira ntchito zaka zambiri. Anthu anazolowera. Anamanga nyumba zosanja m'mbali mwa khwawa, poti damu lilipo. Koma mu 1998 m'makoma munapezeka ming'alu. Nkhani yokonza inakambidwa, ndalama zinalembedwa, ntchito osaoneka. Kuyambira 2011 dziko linalowa m'nkhondo, mpaka linakhala ndi maboma awiri. Mu 2022 katswiri wa za madzi wa ku Libya konko, Abdelwanees Ashoor, analemba kuti madamuwo akapanda kukonzedwa, mvula yaikulu idzabweretsa tsoka pa mzinda. Analemba poyera. Palibe chinachitika.

Pa 10 Seputembala 2023 namondwe wotchedwa Daniel anafika. Ku Al Bayda, mzinda wina wa m'mapiri omwewo, kunagwa mamilimita 414 pa tsiku limodzi. Kumbukirani kabwalo kathu kaja: migolo iwiri yodzaza pa kabwalo kamodzi. Damu lakumtunda linadzaza. Potayira madzi pake panachepa. Madzi anakwera pamwamba pa khoma, nayamba kulidya. Khoma la dothi likayamba kudyedwa pamwamba silichedwa. Linagumuka pakati pa usiku. Madzi onse aja anatsika nthawi imodzi, nakapeza damu lakumunsi, laling'ono lija. Likanatani? Nalonso linapita.

Anthu ambiri anali m'tulo. Madzi anachotsa milatho, misewu ndi nyumba zonse za m'mbali mwa khwawa, nazitaya m'nyanja. Mitembo imene inawerengedwa inaposa 4,000. Anthu ena zikwi sanapezeke mpaka lero. Mu Julaye 2024 khoti linalamula kuti akuluakulu 12 amene anali ndi udindo pa madamuwo apite kundende.

Mvula inali yoopsa, sitikana. Ngakhale damu losamalidwa likanavutika usiku umenewo. Koma taonani. Popanda damu, madzi akanabwera m'khwawa kwa maola ambiri, anthu n'kumaona akukwera. Damu linawasonkhanitsa pamodzi, kenaka n'kuwamasula onse pa kanthawi kochepa. Chidebe chathu chija chinang'ambika pansi. Ndipo ming'alu inadziwika zaka 25 tsokali lisanagwe. Zaka 25, anzathu. Mwana wobadwa chaka chimenecho anali atakula, mwina ali ndi ana ake.

Alimi a ku Matmata

Mwina wina anena kuti: izi ndi za maboma ndi mainjiniya, ife tili ndi makasu okha. Chabwino. Tiyeni kwa anthu a makasu anzathu.

Kumwera kwa dziko la Tunisia, loyandikana ndi Libya, kuli mapiri a Matmata. Kumakhala anthu a mtundu wa Amazigh. Mvula ya chaka chonse nthawi zambiri sifika mamilimita 200. Chimanga sichingabereke ndi mvula yotere. Ngakhale mtengo wa azitona, umene umapirira chilala, paokha sungabereke bwino. Koma mlendo akafika amaona m'zigwa muli mitengo ya azitona, nkhuyu ndi kanjedza. Pansi pa mitengoyo amafesa barele ndi nyemba zamitundumitundu. Madzi amawatenga kuti?

Amawatenga ku chigumula chomwecho chimene ena amachiopa.

Kuyambira kalekale alimi amenewa amamanga timadamu ta dothi modula khwawa. Khoma lake amalitcha tabia. Limakhala lalitali mamita awiri mpaka asanu, ndipo ena amalilimbitsa ndi miyala. Munda wa kuseri kwa khomalo amautcha jesr. Ikakhala yambiri amati jessour. Samanga khoma limodzi lalikulu ayi. Amamanga ambiri, lina pansi pa linzake, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, ngati makwerero.

Mvula ikagwa, madzi amatsika m'mapiri ndi dothi. Akafika pa khoma loyamba amaima. Dothi limakhala pansi. Madzi amalowa m'nthaka. Chaka ndi chaka dothi limaunjikana, mpaka pamene panali miyala yokhayokha pamasanduka munda wosalala wa nthaka yakuya. Nthaka yakuya imasunga chinyontho miyezi yambiri. Mizu ya azitona imamwa m'menemo nthawi ya dzuwa. Ku Las Vegas mchenga ndi mdani, amalipira anthu kuti auchotse. Ku Matmata dothi lobwera ndi madzi ndiye munda weniweniwo.

Mapiri a pamwamba sawalima. Amawasiya dala kuti akhale ngati denga lokhetsera madzi. Malo okhetsa madziwo amakhala aakulu kangapo kuposa munda. Motero kamunda kakang'ono kamamwa mvula yake ndi mvula ya phiri lonse.

Tsono tamverani ichi. Tabia aliyense ali ndi khomo. Mlimi amasiya mpata, kumapeto kwa khoma kapena pakati, n'kuuyala ndi miyala. Mpatawo ndi wotsika kuposa khoma. Madzi akafika pa msinkhu umenewo, otsalawo amadutsa, kupita ku munda wa kumunsi. Mundawo nawo umamwa gawo lake, n'kupereka otsala kwa wina. Chigumula chimene chinayamba ndi ukali kumtunda chimafika kumunsi chitatopa.

Kodi mlimi wa m'dziko louma chonchi sangafune kusunga dontho lililonse? Angafune ndithu. Mtima ungamuuze kuti: kweza mpatawo, madzi onse akhale ako. Koma akatero, tsiku la mvula yaikulu madzi adzadzera pamwamba pa dothi. Khoma lidzang'ambika. Adzataya madzi, adzataya nthaka imene makolo ake anaisonkhanitsa, ndipo madzi akewo adzakagumula khoma la mnzake wa kumunsi. Alimi amenewa alibe simenti, alibe makina. Koma chimene anachipeza n'chomwe chija cha mainjiniya a ku America: madzi uwachedwetse, utengeko gawo lako, otsala uwapatse njira.

Vuto lao masiku ano ndi manja. Achinyamata ambiri anapita ku mizinda ndi ku Ulaya kukafuna ntchito. Makoswe amaboola makoma. Mwala umodzi ukachoka pa mpata, palibe woubwezera. Munda umodzi wosiyidwa kumtunda umaika pangozi minda yonse ya kumunsi, ngakhale eni ake akhale akhama chotani.

Khwawa la kwathu

Kwathu kuno si chipululu. Koma pamene tadula mitengo, pamene tatentha tchire, pamene ng'ombe zapondaponda, nthaka imachita ngati ya m'chipululu. Madzi salowa. Amathamanga, n'kukumba chigwembe. Tonse tikudziwa chigwembe chimene chaka chatha mwana amachilumpha, chaka chino munthu wamkulu akalowamo saoneka.

Damu lalikulu la dothi tisaliyambe tokha. Limafuna mlangizi wodziwa kuyeza madzi ndi nthaka. Ndipo lisamangidwe kumtunda kwa nyumba za anthu chifukwa chongoti pamalopo ndi pabwino. Za ku Derna tawerenga.

Chimene tingathe ndi timakoma ta miyala m'chigwembe. Ntchito imeneyi ndi ya chilimwe, tikatha kukolola, mvula isanayambe.

Tiyambire kumtunda, kumene chigwembe chikubadwira. Kumeneko madzi akadali ochepa mphamvu. Amene amayambira kumunsi amalimbana ndi madzi a chigwembe chonse, ndipo miyala yake imapita ndi mvula yoyamba.

Khoma likhale lalifupi. Lofika m'mawondo ndi labwino. Lisapitirire m'chiuno. Timakoma khumi tating'ono timaposa limodzi lalitali, pakuti kamodzi kakagwa tatsala ndi 9. Tikumbe kangalande pansi ndi m'mbali zonse ziwiri, kuti khoma lilowe m'nthaka pafupifupi theka la mita. Tikapanda kutero madzi adzazungulira m'mbali. Miyala ikuluikulu ikhale pansi ndi kumunsi, ing'onoing'ono itseke mipata. Tisamate ndi dothi. Khoma la miyala limadontha, ndipo kudonthako n'kumene tikufuna.

Pakati pa khoma pakhale potsika kuposa m'mbali. Limeneli ndiye khomo lathu. Ambiri amalakwitsa pomwepa. Amamanga khoma losalala pamwamba ngati la nyumba, looneka bwino, anthu n'kumaliyamikira. Mvula ikabwera madzi amasowa podzera, amadya gombe, chigwembe n'kukula kuposa kale. Kumunsi kwa khomolo tiyale miyala yaphanthiphanthi pamene madzi azigwera. Madzi akamagwera pa dothi amakumba dzenje, khoma n'kugweramo.

Nanga khoma lachiwiri likhale pati? Titsike m'chigwembe mpaka pamene mutu wa khoma latsopano ulingane ndi phazi la khoma la kumtunda. Chingwe ndi kachida koyezera kaja ka alangizi zitithandiza. Pamalo otsetsereka kwambiri makoma amayandikana. Pamalo ogona amatalikirana.

Dothi likadzaza kuseri kwa khoma, tisalichotse. Tichite monga a ku Matmata. Tibzalepo vetiva, nsenjere, nsungwi kapena nthochi. Mizu ikagwira, khoma lapeza womuthandiza.

Chatsala ndi funso limene tiyenera kukambirana pa msonkhano wa koperativa, tisananyamule mwala ndi umodzi womwe. Adzayendera makomawa ndani? Tikati tonse, ndiye kuti palibe. Tisankhe anthu awiri, maina ao alembedwe m'buku. Pajatu tsopano kulemba timatha. Tilembenso nambala ya khoma lililonse, kuyambira kumtunda: 1, 2, 3. Chigwembe chikadutsa m'minda ya anthu amene sali m'koperativa, tipite kwa a mfumu, tikakambirane nao ntchito isanayambe, pakuti madzi a kumtunda ndi omwe amafika kwa ife.

M'mawa mwake mwa mvula yaikulu iliyonse, anthu awiri aja atenge khasu ndi buku. Ayende kuyambira khoma loyamba. Aone ngati madzi anadzera pakhomo kapena m'mbali. Achotse zitsa ndi mapesi zimene zatseka mpata. Mwala umene wachoka aubwezere tsiku lomwelo. Pamene papitirira mphamvu zao alembe nambala ya khomalo, madzulo akaiwerenge pamaso pa gulu.